Mtengo wina maluwa mu Malichi, wina phee chaka chonse: fufuzani chonchi musanatenge chikwanje

Anthu amene ali ndi mitengo ya zipatso pakhomo madandaulo awo amakhala awiri basi. Wina amati mango anga achita maluwa mu Malichi mvula ili mkati, kodi ndi malodza kapena chani. Winanso amati mtengo wanga wa pichesi unayoyola masamba kalekale, ya anzanga yaphuka mpaka timapichesi tayamba kuoneka koma wanga uli phee, kaya wafa kaya uli moyo. Ndiye chimene ambiri amathamangira ndi kutematema thunthu ndi chikwanje, ena kukhomamo misomali, ena kukhuthulira yureya patsinde. Dikirani kaye. Mtengo suona kalendala, umangomva kuzizira, kuuma kwa dothi, madzi, kukhwima kwa nthambi zake ndi chakudya chimene wasunga mkati, ndipo mtundu uliwonse uli ndi chake chimene umadikira kuti uchite maluwa. Chimenecho chikafika msanga maluwa amabwera msanga olo ukhale mwezi wolakwika, chikapanda kufika mtengo umangokhala. Ntchito yanu ndi kupeza kuti wanuwo ukudikira chani.

Sitepe yoyamba: onani ngati uli moyo

Izi ndi za mphindi ziwiri. Tengani kampeni kapena chikhadabo chomwe, palani pang'ono khungwa la kanthambi kakang'ono. Mkati mukakhala mobiriwira ndi monyowa, mtengo uli moyo, wangogona. Mukakhala mwa bulauni mouma, kanthambi n'kumathyoka kuti thyo, tsikani m'munsi mupalenso pa nthambi yokulirapo, kenako pa thunthu. Mupeza pamene pakuthera moyo. Ngati mtengowo ndi womezanitsa, yang'anani polumikizira paja, chifukwa nthawi zambiri kumtunda kumafa n'kutsala tsinde lapansi, ndiye mphukira zimene zikutuluka m'munsi mwa polumikizira si mtundu umene munagula uja. Pa malalanje ndi manachesi zimakhala za mandimu aja okhakhala khungu, minga thoo. Zimenezo muzithothola zikadali zanthete mtengo ukadali moyo, apo ayi zimalanda chakudya chonse.

Sitepe yachiwiri: dziwani mtundu wake ndi chimene umadikira

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ndiye tichedwapo.

Mango amadikira chisanu. Usiku ukamazizira kufika madigiri 15 kapena kutsikirapo, dothi lili louma, maso a kunsonga kwa nthambi amatulutsa ngala za maluwa mmalo mwa masamba. N'chifukwa chake kuno maluwa a mango timawaona kuyambira Juni mpaka Ogasiti, mango n'kuyamba kupsa Okutobala ndi Novembala kumadera otentha, kwina mpaka Januwale ndi Febuluwale makamaka mitundu yochedwa ngati Keitt. Kukakhala kotentha usana ndi usiku womwe, madzi aliponso, nsonga yomweyo imatulutsa masamba ofiirira aja. Koma palinso chachiwiri chimene ambiri sachidziwa: nthambi iyenera kukhala yokhwima, yoti yapuma miyezi inayi kapena isanu osaphukira, masamba ake obiriwira kwambiri, olimba oti mukawafinya amalira. Nthambi imene yaphukira masamba atsopano mu Meyi, chisanu chimaipeza ikadali yanthete ndipo chaka chimenecho mwina siichita kanthu. Mukaona mtengo umodzi womwewo mbali ina maluwa mbali ina masamba okhaokha, chifukwa chake n'chimenechi, nthambi zake sizinapume nthawi imodzi.

Mapeyala nawo ndi a chisanu chomwecho, maluwa amabwera cha mu Julaye mpaka Sepitembala.

Malalanje, mandimu ndi manachesi ndi ena. Awa chisanu amachimva inde, koma chachikulu kwa iwo kuno kwathu ndi ludzu lotsatana ndi madzi. Akakhala pa dothi louma mwezi umodzi kapena iwiri kenako n'kulandira madzi ambiri, pakangotha masabata atatu kapena anayi maluwa mbuu. Ndiye taganizani ng'amba ikagwa pakati pa dzinja ngati mmene zinalili mu Febuluwale 2024 chaka cha El Niño chija, kenako mvula n'kubwerera, mtengo wa ndimu umangoona ngati chilimwe chatha, basi maluwa. Palibe chodabwitsa. Khofi ndiye amaonetsa bwino kwambiri khalidwe limeneli, ku Misuku kapena ku Thyolo mvula ya chizimalupsa ikangogwa yokwanira, pakatha masiku 10 kapena kuyandikira pamenepo munda wonse umayera.

Mapichesi, maapozi ndi mapulamu ndi amene amagona tulo tenitenito. Amayoyola masamba nyengo yozizira ikayamba ndipo maso ake amatsekeka, sangatseguke mpaka atalandira maola okwanira a kuzizira kwa pansi pa madigiri 7. Mitundu ina imafuna maola 200 kapena 300 okha, monga apozi wa Anna amene anachokera ku Israel, pamene mitundu ya kumayiko ozizira imafuna 800, 1,000 kapena kuposa. Ndiye mwagula apozi mushopu, wochokera ku Western Cape ku South Africa, mwadzala njere zake ku Salima kapena ku Nsanje, mtengo umera ndithu koma maola amenewo uwapeza kuti? Umangophuka mwa apo ndi apo, kansonga kamodzi masamba, nthambi yonse mbulanda. Olo ku Dedza, ku Tsangano kapena pa Zomba pamwamba pamene mapichesi amachita bwino, chaka chimene chisanu chafooka mudzaona kuphuka kwake kuli kosalongosoka, maluwa ena Julaye ena Sepitembala pa mtengo umodzi.

Magwafa alibe mwambo kwenikweni, maluwa amatuluka pa mphukira zatsopano, ndiye chilichonse chimene chapangitsa kuti uphukire, kaya kudulira kaya madzi, chimabweretsa maluwa.

Za m'tchire nazo zili ndi nthawi yake yoti mukapanda kuidziwa mudzaganiza kuti mtengo wadwala. Msangu umachita zosemphana ndi mitengo yambiri, mvula ikayamba umayoyola masamba n'kukhala mbulanda dzinja lonse, mvula ikatha ndiye umaphuka ndi kuchita maluwa, mizu yake imapita pansi kwambiri kukapeza madzi. N'chifukwa chake chimanga chimakondwa pansi pake. Mlambe umakhala wopanda tsamba miyezi yambiri, n'kudzaphuka mvula ili pafupi, maluwa ake oyera aja amatseguka madzulo ndipo amene amawayendera ndi mileme. Mitengo ya tsamba ndi mombo imatulutsa masamba ofiira mu Ogasiti ndi Sepitembala kulibe dontho la mvula. Jakaranda wa m'misewu ya ku Blantyre, Zomba ndi Harare amachita maluwa Sepitembala ndi Okutobala masamba kulibe. Zonsezi ndi zabwinobwino, musazivutitse.

Sitepe yachitatu: funsani zaka zake ndi mmene unadzalidwira

Mtengo wochokera ku njere uli ndi ubwana wautali ndipo palibe feteleza amene angaufupikitse. Mango a njere, monga maboloma ndi makalisere athu odzimerera okhawa, amatenga zaka 5 mpaka 8. Peyala wa njere akhoza kukudikiritsani zaka 7, 10 kapena kuposa. Womezanitsa amayamba pa zaka 3 kapena 4 chifukwa kanthambi kamene anamezako kanachokera ku mtengo wachikulire kale. Ndiye ngati wanu ndi wa njere ndipo uli ndi zaka zinayi, sunagone, ndi mwana basi.

Palinso mitengo imene ili ndi yaimuna ndi yaikazi payokhapayokha. Masuku ndi mfula ili choncho. Waumuna umachita maluwa chaka ndi chaka koma chipatso ayi, ndipo mukaudula wonse yaikazi ija nayonso imasowa mungu. Papaya wamwamuna mumamudziwa kale, maluwa ake ali pa timapesi titalititali tolendewera. Zomumangirira chitsononkho kuti abereke zija ndi zongodzisangalatsa.

Mbali inayo, kambande komezanitsa kamatha kuchita maluwa chaka choyamba chomwe kakadali kofika m'chiuno, mwini wake n'kumasangalala. Musakalole kubereka zaka ziwiri zoyambirira, kamapinimbira. Pa mango musadule ngala ikangotuluka chifukwa kamatulutsanso ina, dikirani mpaka timango tifike ngati nsawawa ndiye mudule ngala yonse.

Sitepe yachinayi: bwererani mmbuyo miyezi itatu, chinachitika ndi chani

Khalani pansi mukumbukire. Kunali ng'amba kenako mvula? Kunabwera chiperoni cha masiku angapo nthawi yosayembekezeka? Munadulira? Mbuzi kapena mbozi zinadya masamba onse? Munawotcha zinyalala pansi pake? Utsi uli ndi mpweya wina umene umatha kudzutsa maso a mango okhwima, alimi a ku Philippines ankachita kusonkhera moto wa utsi pansi pa mitengo masiku angapo mwadala kuti ichite maluwa. Pichesi amene wathothoka masamba msanga chifukwa cha matenda a dzimbiri la masamba kapena chilala amatha kuchita maluwa mu Malichi kapena Epulo, maso ake asanalowe tulo tenitenito, chifukwa masamba ndi amene amagwira masowo kuti asatseguke.

Kenako yang'anani pamene mtengo waima. Uwu ndiye mlandu wa m'matauni ambiri: mtengo wa mango uli pafupi ndi bafa, kapena pa ngalande ya madzi otsukira mbale, kapena mizu yafika ku thanki ya chimbudzi, kapena uli pakati pa kapinga amene amathiriridwa tsiku ndi tsiku. Mtengo wotere sudziwa ludzu, umalandira madzi ndi chakudya chaka chonse ndiye umangophukira masamba, wobiriwira bwino wokongola, mthunzi wa nyooo, chipatso ziro. Khola la nkhuku kapena la nkhumba pafupi limachitanso zomwezo. Mthunzi nawo ndi vuto, maluwa a mango amatuluka kunsonga zimene zikuona dzuwa, ndiye mtengo wopanikizika pakati pa mpanda ndi bulugamu umachita maluwa pamwamba penipeni pokha.

Ndipo ngati chaka chatha unabereka mpaka nthambi kuthyoka, chaka chino ukupuma. Mango ndi mapeyala amatero, chakudya chosungidwa chinathera mu zipatso zija. Zili ngati mayi amene wangobereka kumene, simungamufunse za mimba ina.

Sitepe yachisanu: onetsetsani kuti si maluwa a matenda

Iyi musaidumphe. Mtengo umene ukufa nthawi zina umachita maluwa ambiri modabwitsa nthawi yolakwika. Chimachitika n'choti khungwa likawonongeka kuzungulira thunthu, kapena mizu ikawola, chakudya chopangidwa m'masamba chimalephera kutsika ndiye chimaunjikana kumtunda, maluwa n'kubuka. Fukulani pang'ono patsinde muone. Kuli chiswe? Khungwa lasupuka, kapena pali waya kapena chingwe cha nsalu chimene chinalowa m'khungwa? Pa malalanje, kodi pakutuluka utomoni patsinde? Kumeneko ndi kuwola kwa tsinde kumene kumabwera madzi akamaima pamenepo kapena mukaunjika dothi ndi manyowa mokhudza thunthu. Chotsani dothilo tsinde lipume, palani powolapo mupake mankhwala a kopa.

Pa malalanje ndi manachesi palinso matenda ena oipa amene amabweretsa maluwa a nthawi yolakwika. Masamba amachita mawanga achikasu osafanana mbali ziwiri za tsamba, zipatso zimakhala zazing'ono zopendekera mbali imodzi, zowawa, kumunsi sizipsa zimakhalabe zobiriwira, njere zake zofota. Amafalitsidwa ndi kachilombo kakang'ono kamene kamasiya timatuza pa masamba anthete. Amenewa alibe mankhwala ochiza. Itanani alangizi a zaulimi adzaone, akatsimikiza ndi bwino kuuzula usanapatsire inzake, ndipo musatengeko nthambi zomezera.

Sitepe yachisanu ndi chimodzi: maluwa abwera nthawi yolakwika, musiye kapena muchotse

Werengani miyezi kaye. Mango amatenga miyezi 3 mpaka 5 kuchokera pa maluwa kufika pokhwima, magwafa 4 kapena 5, malalanje 7 kapena kuposerapo. Ngati mtengo ndi waukulu wathanzi ndipo maluwawo ali pa nthambi zochepa, asiyeni, chipatso chobwera pamene msika ulibe chimagulidwa bwino. Koma dziwani kuti maluwa a mango a m'dzinja ambiri amada n'kuyoyoka chifukwa cha chinyezi, mumaona timadontho takuda pa ngala ndi pa timango. Mukafuna kuwapulumutsa ndi kupopera kopa motsatira zimene zalembedwa pa paketi. Komanso nthambi imene yabereka panopa musaiyembekezere kuti mu Julaye ichitanso.

Ngati mtengo ndi waung'ono, wofooka, kapena ndi pichesi amene wachita maluwa mu Epulo chisanu chili kutsogolo, thotholani. Timapichesi timeneto sitikula bwino ndipo mtengo ungotaya mphamvu.

Maluwa a nthawi yake nawonso amafuna chitetezo, apo ayi mudzanena kuti mtengo subereka pamene vuto ndi lina. M'chisanu ngala za mango zimagwidwa ndi matenda aja ooneka ngati mwawaza ufa woyera, maluwa amauma onse osagwira kanthu. Salufa wopopera ndi amene amathandiza, kuyambira ngala zikangotuluka, kubwereza pakatha sabata imodzi kapena awiri, m'mawa kapena madzulo osati dzuwa lili pamutu. Ndipo chonde maluwa ali otseguka musapopere mankhwala ophera tizilombo ngati Cypermethrin, mumapha njuchi ndi ntchentche zimene zikunyamula mungu. Inde ntchentche, pa mango zimagwira ntchito kwambiri.

Sitepe yachisanu ndi chiwiri: kudzutsa umene wangokhala

Pa mango ndondomeko yake imayambira pa kukolola. Mukangotha kuthyola, duliranitu nthawi yomweyo, chotsani nthambi zouma, zopingasa ndi zina za pakati kuti dzuwa lilowe, ndipo dulani timapesi tonse timene tinali ndi zipatso. Manyowa kapena feteleza thirani nthawi imeneyi mvula ikadalipo, mozungulira molingana ndi pamene masamba athera osati patsinde. Cholinga n'choti mtengo wonse uphukire kamodzi mu Januwale kapena Febuluwale. Kuyambira Epulo, yureya ndi CAN ayi, manyowa a nkhuku ayi, madzi ayi. Patutsani ngalande ya kubafa ija. Phulusa la nkhuni pang'ono ndi labwino chifukwa lili ndi potashi. Mudzayambenso kuthirira timango titagwira, apo ndiye madzi amafunika kuti tisayoyoke.

Ngati mwachita zonsezi, masamba ndi okhwima koma mtengo uli duu, pali feteleza wopopera wotchedwa potassium nitrate. Njira imeneyi anaitulukira ndi Ramon Barba wa ku Philippines m'zaka za m'ma 1970 ndipo inasintha ulimi wa mango wa dziko lawo. Muyeso woyambira ndi magalamu 10 pa lita imodzi ya madzi, ndiye sipuleya ya kumsana ya malita 16 ndi magalamu 160. Poperani masamba onse anyowe, m'mawa kwambiri kapena madzulo, ndipo ikagwira mumaona maso akutupa pasanathe masabata awiri kapena atatu. Koma si matsenga. Pa nthambi zanthete imangotulutsa masamba ena, ndipo mitundu ina ya mango siimva kwenikweni, ndiye yesani mtengo umodzi kaye.

Tsopano za chikwanje zija. Chilipo chimene anthu anaona, kudula khungwa kumaletsa chakudya kutsika ndipo maluwa amabweradi. Vuto ndi katemedwe, mabala akuluakulu paliponse ndi khomo la chiswe ndi kuwola. Ngati mukufunadi, sankhani nthambi imodzi kapena ziwiri zazikulu, osati thunthu, lembani mzere umodzi wozungulira ndi mpeni wakuthwa woyera, wopyapyala ngati mamilimita 2 kapena 3, kudula khungwa lokha osalowa mu mtengo. Chitani cha mu Epulo kapena Meyi, pa mtengo wathanzi wokha, ndipo chaka chamawa musabwereze nthambi yomweyo. Misomali ndiye siyani, ilibe ntchito.

Mandimu ndi osavuta kuwalamula ngati muli ndi madzi othirira. Siyani kuthirira mwezi umodzi kapena kupitirira pang'ono mpaka masamba ayambe kupindika masana, asafike poyoyoka, kenako thirirani kwambiri ndi kuikako feteleza pang'ono. Alimi a ku Sicily ku Italy akhala akuchita zimenezi kwa zaka zambiri kuti apeze mandimu a nthawi imene ena alibe. Musachite chaka chilichonse pa mtengo womwewo, ndipo pa dothi la mchenga chepetsani masiku chifukwa limauma msanga. Magwafa ingodulirani nsonga miyezi 6 kapena 7 isanafike nthawi imene mukufuna zipatso, n'kuthirira.

Mapichesi ndi maapozi a kumalo kosazizira mokwanira, thandizo lake ndi manja anu omwe. Siyani kuthirira mvula ikatha. Cha kumapeto kwa Juni kapena mu Julaye pululani masamba onse otsalira ndi manja, dulirani, ndipo nthambi zoongoka zopita kumwamba zikokereni m'mbali n'kuzimangirira ku zikhomo kuti zigone chopingasa, zikatero maso a m'mbali amatseguka ambiri mmalo mwa la kunsonga lokha. Kenako thirirani. Ku Batu pa chilumba cha Java ku Indonesia, kumene kulibe chisanu chenicheni, amakolola maapozi kawiri pa chaka ndi njira yopulula masambayi. Mankhwala odzutsira maso alipo amene minda ikuluikulu imagwiritsa ntchito koma ndi poizoni woopsa, si wa pakhomo pamene pali ana ndi nkhuku.

Zonsezi zikakanika zaka ziwiri zotsatana ndiye kuti mtunduwo si wa dera lanu, kapena ndi wa njere wosabereka bwino. Musauzule, mizu yake ndi chuma. Udulireni nthambi zikuluzikulu kusiya imodzi yoti izikoka madzi, dikirani mphukira zifike kukula ngati pensulo, musankhe zitatu kapena zinayi zamphamvu n'kumezapo mtundu umene ukubereka bwino kwa anzanu a m'dera lomwelo. Tinthambi tomezera tengani ku mtengo umene mwauona ndi maso anu ukubereka, kapena funsani kwa alangizi ndi kumalo a kafukufuku ngati ku Bvumbwe. Pomezapo mangani ndi pulasitiki yofewa, mphukira zina zonse zotuluka m'munsi muzizithothola sabata iliyonse, ndipo zikagwira bwino mudzadule nthambi munasiya ija. Mango omezedwa pa chitsa chachikulu chonchi amayamba kubereka pakatha zaka ziwiri kapena zitatu.